Kudzichepetsa ndi Kunyada: Chiphunzitso cha Eklezia ndi Zimene Chigwa cha Shire Chimatikumbutsa

Kudzichepetsa ndi khalidwe lokoma limene limamuthandiza munthu kuvomera zoona za iye mwini pamaso pa Mulungu: kuti ndi wolengedwa, kuti zabwino zimene ali nazo adachita kulandira, ndiponso kuti ndi wochimwa wosowa chifundo. Kunyada ndiko kukana zoona zimenezi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka m'chaka cha 1992, amaika kunyada patsogolo pa machimo 7 amene ali magwero a machimo ena (nambala 1866), ndipo amaphunzitsa kuti kudzichepetsa ndiwo maziko a pemphero (nambala 2559). Talemba nkhaniyi kuti ithandize akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati pokonzekera maphunziro awo, makamaka pa nyengo ya Lenti, pakuti mikangano yambiri imene imafika ku maparishi athu, ukaifukula bwino, muzu wake umapezeka pomwepa.

Gwero la mawu

M'Chilatini, chilankhulo chakale cha Eklezia, kudzichepetsa amati humilitas. Liwuli lidachokera ku liwu lina loti humus, ndiye kuti dothi. Wodzichepetsa tsono ndi munthu amene ali pafupi ndi dothi, amene sadaiwale kuti Chauta adamuumba ndi dothi la pansi (Genesis 2:7). Phulusa limene timalandira pa mphumi poyamba Lenti limanena zomwezi.

Kwa ife a kuno kumunsi, mawuwa si achilendo. Munthu akachoka ku Blantyre, mzinda umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amatsika phiri mokhotakhota mpaka ku Thabwa, nawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Akapitirira mpaka kumene mtsinjewu umatulukira m'dziko lino kulowa m'Mozambique, amafika pamalo otsika kuposa ena onse m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja ya mchere. Madzi onse a kumapiri amathera kuno. Tikudziwa kuwawa kwake, pakuti tidaika maliro ndi kutaya nyumba m'chaka cha 2015, cha 2019, cha 2022 ndi cha 2023. Koma tikudziwanso kuti nthaka yachonde imene madzi amakokolola kumtunda imadzakhazikika m'madimba athu, ndipo chimanga, mbatata ndi nyemba zimabala m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwa. Aphunzitsi akale a Eklezia ankakonda kufanizira chaulere cha Mulungu ndi mvula imene siikhalitsa pansonga ya phiri koma imasonkhana m'chigwa. Mkatekisiti wa ku Nchalo kapena ku Makhanga safunika buku kuti afotokoze fanizo limeneli.

M'Malembo Oyera

Tchimo loyamba lidali la kunyada. Adamu ndi Heva sadadye chipatso chifukwa cha njala, koma chifukwa chofuna kufanana ndi Mulungu popanda Mulunguyo (Genesis 3). Omanga nsanja ya Babele ankafuna kudzipangira dzina, ndipo mathero ake adaleka kumvana (Genesis 11). Kusamvana pakati pa anthu amene kale ankagwira ntchito limodzi ndi chimodzi mwa zizindikiro zodalirika zoti kunyada kwalowa.

Nkhani imene timaikonda pophunzitsa akuluakulu ndi ya Naamani, mkulu wa ankhondo a ku Siriya (2 Mafumu 5). Adali munthu wotchuka, koma wakhate. Amene adamuuza kumene angachire adali kamtsikana kogwidwa ku nkhondo, kantchito ka mkazi wake. Atafika kwa mneneri Elisa ndi akavalo ndi mphatso, mneneriyo sadatuluke n'komwe kudzamulonjera, adangotuma mthenga kuti akasambe mu Yordani kasanu n'kawiri. Naamani adapsa mtima, nati mitsinje ya kwawo ku Damasiko ndi yabwino kuposa umenewu. Adatsala pang'ono kubwerera ndi khate lake. Antchito ake ndiwo adamudandaulira, iye nawamvera, natsikira m'madzi, nachira. Onani kuti pa nkhani yonseyi chithandizo chikuchokera kwa anthu apansi, ndipo chovuta kwa Naamani sikudali kukula kwa ntchito koma kuchepa kwake.

M'Chipangano Chatsopano mutu wa zonse ndi Afilipi 2:5-11, pamene Paulo Woyera akufotokoza za Khristu amene, ngakhale adali Mulungu, adatenga moyo wa kapolo natsika mpaka pa imfa ya pamtanda. Yesu adaonetsa zimenezi ndi manja ake posambitsa mapazi a ophunzira (Yohane 13). Pa fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho (Luka 18:9-14) tiyenera kuchenjera pophunzitsa. Mfarisi uja sankanama: ankasaladi zakudya, ankaperekadi chachikhumi. Cholakwa chake chidali chakuti pemphero lake lidasanduka mlandu woimba mnzake. Akhristu achangu, amene sajomba ku Misa ndi ku mphakati, ndiwo ali pafupi kwambiri ndi msampha umenewu, ndipo ife ansembe tili patsogolo pawo.

Mitundu inayi ya kunyada

Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 590 mpaka 604, ankaona kunyada ngati mfumukazi imene machimo ena onse amaitumikira. Iye adasiyanitsa mitundu inayi ya kunyada, ndipo Thomas Aquinas Woyera adaibwerezanso m'zaka za m'ma 1200.

Mtundu woyamba ndi kuganiza kuti chabwino chimene uli nacho chidachokera kwa iwe mwini. Ndi mlimi amene thonje lake lacha bwino kapena khola lake ladzaza ng'ombe, nayamba kunena kuti osauka onse ndi aulesi, kuiwala kuti munda adasiyiridwa ndi makolo ndipo mvula sadaigwetse ndiye. Wachiwiri ndi wobisika koposa: kuvomera kuti zidachokera kwa Mulungu, koma nkumati Mulungu wandipatsa chifukwa ndine woyenera. Munthu wotere amati nyumba yake idapulumuka ku madzi osefukira chifukwa amapemphera, ngati kuti amene nyumba zawo zidagwa sankapemphera. Tidawamva mawu amenewa m'misasa, ndipo amapweteka kuposa njala. Wachitatu ndi kudzitama ndi zimene ulibe, monga mtsogoleri amene wafunsidwa funso la chikhulupiriro limene sakulidziwa, nayankha zopeka poopa kuoneka wosadziwa. Wachinayi ndi kunyoza ena pofuna kuti chabwinocho chioneke mwa iwe wekha.

Mtundu wachinayiwu ndiwo umabala kaduka. Katekisimu amanena poyera kuti kaduka kawirikawiri amachokera ku kunyada (nambala 2540). Pamenepa makolo athu a m'chigwa chino adali ndi chiphunzitso chawo kale Uthenga Wabwino usanafike.

Nkhani ya Mbona ndi ufumu wa Lundu

Palibe mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene sadamvepo za Mbona. Nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana, koma msana wake ndi umodzi. Kudagwa chilala. Amene adali ndi udindo woitana mvula, amene ambiri amati adali Mlauli, malume ake a Mbona, adavina koma kumwamba kudangoti mbee. Mbona, mnyamata amene anthu sankamuwerengera, adavina ndipo mvula idagwa. M'malo mokondwera kuti dziko lapulumuka, wamkuluyo adachita manyazi, manyaziwo nasanduka chidani. Mbona adathawira kumwera, adani ake nam'londola mpaka adamupha ku Ndione, ndipo mutu wake udaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, ku Nsanje, kumene kuli kachisi wake. Okamba ena amati amene adalamula imfayi adali Mfumu Lundu ya nthawi imeneyo. Chodabwitsa nchakuti pambuyo pake ufumu womwewo udasanduka mtetezi wa kachisiyo, ndipo mpaka lero dzina la Lundu, amene likulu lake lili ku Mbewe m'boma la Chikwawa, silisiyana ndi la Khulubvi. Olowa m'nkhalangomo amavula nsapato, kaya ndi mfumu kaya ndi mlendo wa galimoto.

Amene adalemba mozama za zimenezi ndi wansembe wa chipani cha Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers wa ku Netherlands, amene adabadwa mu 1928, nafika m'dziko lino mu 1955, namwalira mu 2011. M'buku lake lotchedwa River of Blood, la 1992, adafotokoza kuti nkhani ya imfa ya Mbona ikukumbutsa za zaka za pafupi ndi 1600, pamene ufumu wa Lundu unkakula ndi mphamvu za nkhondo ndi kufuna kuika zonse, ndi zachipembedzo zomwe, pansi pa ulamuliro wake. Kwa iye nkhaniyi idali njira imene anthu wamba adasungira chikumbutso cha kuzunzika kwawo ndi kudzudzula mphamvu yopanda malire.

Tinene momveka, pakuti akatekisiti amafunsidwa. Bambo Schoffeleers adalemba kuti anthu ena ankamutcha Mbona Yesu wakuda, koma Eklezia saphunzitsa kuti Mbona ndi mpulumutsi, ndipo mkhristu sapereka nsembe ku Khulubvi. Mpulumutsi ndi mmodzi, Yesu Khristu. Komabe sitiyenera kutaya nzeru imene ili m'nkhaniyi. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri udaphunzitsa mu 1965, chaka chomwe Dayosizi ya Chikwawa idakhazikitsidwa, kuti Eklezia sakana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Choona chimene chili muno nchakuti munthu wonyada amalolera kuti dziko life ndi chilala kusiyana nkuti mvula ibwere kudzera mwa mphwake. Ndi mtima womwewo umene Saulo adali nawo pa Davide (1 Samuele 18), ndi umene Pilato adauzindikira mwa amene adapereka Yesu (Mateyo 27:18).

Mlauli sadafe. Timakumana naye pamene mtsogoleri wa kwaya atsekereza mtsikana wa mawu abwino kuti asatsogolere nyimbo, pamene wapampando amene nthawi yake yatha akana kupereka mabuku a chuma kwa womulowa m'malo, pamene mphakati ugawika pawiri chifukwa wina sadasankhidwe. Timakumana nayenso m'nyumba za ansembe, pamene wansembe wachikulire sakondwa kumva akhristu akuyamikira ulaliki wa wansembe wongodzozedwa kumene. Tikulemba izi tikudziwa kuti chala chikulozanso ife.

Moyo wa Bambo Schoffeleers womwe uli ndi phunziro. Amishonale ambiri a nthawi yawo ankaona miyambo ya Amang'anja, monga Nyau, ngati mdani wongofunika kumugonjetsa. Iwo adasankha kukhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, kufunsa ndi kulemba, wansembe wophunzira nasanduka mwana wa sukulu wa anthu osadziwa kuwerenga. Si onse mu mpingo adakondwera nazo masiku amenewo.

Makwerero a Benedict ndi a Bernard

Benedict Woyera, amene adalemba malamulo a amonke ku Italy m'zaka za m'ma 500, adapatula mutu wa 7 wa malamulowo kuti ukambe za kudzichepetsa. Adatenga makwerero amene Yakobe adalota (Genesis 28) nawatembenuza: pa makwerero amenewa munthu amakwera potsika, ndipo amatsika podzikweza. Adawerenga masitepe 12. Loyamba ndi kukumbukira nthawi zonse kuti Mulungu akutiona. Otsatira ake akukamba za kusaumirira chifuniro chako, kumvera, kupirira pa zovuta, kuulula maganizo oipa kwa mtsogoleri wa moyo wauzimu, kukhutira ndi malo otsika ndi kusunga lilime. Lomaliza lenileni ndilo likukamba za maonekedwe a thupi. Dongosolo limeneli nlofunika: mtima ndiwo uyamba, kuwerama kwa mutu kumabwera pambuyo.

Patapita zaka pafupifupi 600, Bernard Woyera wa ku Clairvaux adalemba za masitepe 12 a kunyada, amene munthu amatsikira nawo ku chitayiko. Iye adati chiyambi chake ndi chidwi chosayenera pa za ena, maso ongoyang'ana m'mbale ya mnzako. Kenaka pamabwera kudzitama, kufuna kuoneka wosiyana ndi onse, kudziikira kumbuyo ukalakwa, ndi kulapa kwachiphamaso kofuna kuti anthu akutame chifukwa cha kulapako. Mathero ake ndi kuchimwa mwachizolowezi, mtima osagundanso.

Chimene sikudzichepetsa

Pano tichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ife Amalawi tili ndi ulemu wambiri wooneka: kugwada, kuwomba m'manja, kulandira ndi manja awiri, kutsitsa mawu pamaso pa akulu. Ndi mwambo wabwino ndipo tiusunge. Koma ulemu wa mawondo ndi kudzichepetsa kwa mtima si chinthu chimodzi. Munthu angathe kugwadira bambo mfumu pakhomo la tchalitchi, nakapondereza mkazi wamasiye pa mndandanda wa olandira ufa.

Kudzichepetsa sikutanthauza kukana mphatso zimene Mulungu adakupatsa. Wantchito amene adakwirira ndalama ya mbuye wake sadayamikiridwe (Mateyo 25:14-30). Amene amadziwa kuwerenga bwino, nakana kuwerenga m'tchalitchi kuti amupemphe katatu, akufuna ulemu womwewo kudzera kukhomo la kuseri. Teresa Woyera wa ku Avila ankaphunzitsa kuti kudzichepetsa ndi kuyenda m'choona, ndipo Maria Virgo Woyera, m'nyimbo yake ya kwa Elizabeti (Luka 1:46-55), sadabise zazikulu zimene zidachitika mwa iye, adangonena amene adazichita.

Kudzichepetsa sikukhalanso chete pamaso pa choipa. Malamulo a Benedict adalembera amonke amene adasankha okha moyo womvera, ndipo nkulakwa kwakukulu kuwatenga nkumauza mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake, kapena mwana amene akuchitidwa nkhanza, kuti apirire mwakachetechete. Mkatekisiti akamva zotere aperekeze wovutikayo kumene angathandizidwe. Pa 8 March 1992 maepiskopi a dziko lino, pamodzi ndi Ambuye Felix Mkhori amene pa nthawiyo ankatsogolera Dayosizi ya Chikwawa, adatulutsa kalata ya Lenti yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma lidawatenga ngati oukira, apolisi adawafunsa mafunso, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Ena ankati maepiskopi adzikuza. Koma amene amaopa Mulungu koposa munthu ali pa sitepe loyamba la Benedict, ndipo Thomas Aquinas adaphunzitsa kuti kudzichepetsa ndi kulimba mtima pa zinthu zazikulu sizitsutsana, zimathandizana.

Chitsanzo cha Montfort

Dayosizi yathu idabadwa m'manja mwa ansembe a chipani cha Montfort, amene adafika m'dziko lino ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901. Episkopi woyamba wa Chikwawa, Ambuye Eugen Vroemen, adali wa chipani chomwechi. Nkoyenera tsono kuti akhristu athu adziwe zimene zidamugwera woyambitsa chipanichi, Louis-Marie Grignion de Montfort Woyera, amene adabadwa mu 1673 namwalira mu 1716.

Mu 1709 adayamba kumanga phiri la Kalvare ku Pontchâteau, m'dziko la France. Anthu mazanamazana a m'midzi adasenza dothi ndi miyala kwaulere kwa nthawi yopitirira chaka. Tsiku lodalitsa lidaikidwa pa 14 September 1710, chaka cha Mtanda Woyera, ndipo khamu la anthu lidali litasonkhana kale. Madzulo a tsiku lotsogolera kudafika uthenga woti episkopi wa ku Nantes waletsa mwambowo. Montfort adayenda usiku kukaonana ndi episkopiyo, koma sizidasinthe. Adani ake adali atakanena ku boma kuti phirilo lingasanduke linga la adani a dziko, ndipo lamulo la Mfumu Louis XIV lidati ligumulidwe. Montfort sadautse anthu kuti achite chipolowe, ngakhale akadatha kutero, ndipo sadachoke mu Eklezia kukayambitsa mpingo wake. Adapita kukachita m'bindikiro kwa ansembe a chipani cha Yesu, kenaka napitiriza kulalika m'midzi ina. Kalvare uja adamangidwanso mu 1821, mwini wake atamwalira kalekale.

Timakumbukira nkhaniyi tikaona mkhristu amene adathandiza kuumba njerwa za tchalitchi akuleka kupemphera chifukwa dzina lake silidatchulidwe pa tsiku lotsegulira. Kuwawa kwake nkoona, ndipo atsogoleri aphunzire kuthokoza. Koma ntchito ikagwiridwa chifukwa cha Mulungu, kuiwalidwa kumaulula ngati idalidi ya Mulungu.

Njira zimene Eklezia amapereka

Njira yoyamba ndi Sakramenti la Kulapa, pakuti m'menemo munthu amatchula tchimo lake ndi pakamwa pake popanda kunamizira mnzake. Olapa ambiri amafotokoza bwino machimo a apongozi awo ndi a anansi awo, awoawo nkungowadutsa. Pokonzekeretsa ana ndi akatekumeni, aphunzitseni kuyamba ndi mawu oti ndidachita, osati adandichititsa.

Yachiwiri ndi kufunsa ndi kulola kulangizidwa. Akale adati safunsa adadya phula. Mkatekisiti amene anena kuti funso ili ndikafunse kwa bambo mfumu, ndidzakuyankheni sabata yamawa, sataya ulemu wake. Kumvera chenjezo la madzi osefukira ndi kusamukira kumtunda nthawi ikadalipo kulinso m'gulu lomweli, ngakhale tikudziwa kuti ambiri amene amatsalira m'madambo satsalira chifukwa cha matama koma chifukwa kumtunda alibe munda, ndipo sitiyenera kuwaweruza. Palinso kudzichepetsa kwa wolandira: bambo amene moyo wake wonse wakhala akudyetsa ena, lero naima pa mzere ndi thumba m'manja. Ogawa chithandizo akumbukire kuti munthu ameneyu akusenza kale mtanda, asamuonjezere wina ndi mawu.

Yachitatu ndi kukondwera ndi mphatso za ena, ndiko kuchita chimene Mlauli adalephera. Yohane Mbatizi adachita zimenezi pamene ophunzira ake adamudandaulira kuti anthu onse akupita kwa Yesu (Yohane 3:26-30). Mtsogoleri aliyense mu mpingo adzifunse ngati alipo wachinyamata amene akumukonzekeretsa kuti adzamulowe m'malo.

Masiku oyenera kuphunzitsa mutuwu

Kalendala ya Eklezia imaubweretsa yokha mutuwu kangapo. Pali Lachitatu la Phulusa, Lamulungu la Kanjedza pamene chaka chilichonse timawerenga Afilipi 2, ndi Lachinayi Loyera pa mwambo wosambitsa mapazi. M'Chaka C, fanizo la malo a paphwando (Luka 14) limawerengedwa pa Lamulungu la 22 la pa Chaka, ndipo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho pa Lamulungu la 30. Montfort Woyera timamukumbukira pa 28 April, Benedict pa 11 July, Bernard pa 20 August. Pa 29 September ndi chaka cha Mikaeli Mngelo Wamkulu, nkhoswe ya tchalitchi lathu lalikulu la ku Chikwawa. M'Chihebri dzina lake ndi funso loti ndani afanana ndi Mulungu, ndipo Chivumbulutso 12:7-9 ndiwo mawu oyenera kuwerengera ana pofotokoza dzinalo.